Sabata ya 6 ndi Porgy and Bess: ndayamba kuchedwa dala

Lero ndakwanitsa masabata 6 chiyambireni kuphunzira nyimbo za mu opera (sewero loimba) ya Porgy and Bess monga amaziimbira anthu a jazz. Ndikadali pa "Summertime" pomwepo, koma khutu layamba kugwira zomwe kale zinkangondidutsa.

George Gershwin atatulutsa opera imeneyi mu 1935, nyimboyi anaipatsa Clara, mayi wa ku Catfish Row mumzinda wa Charleston, yemwe akugoneka khanda lake. Inalembedwera mawu a m'mwamba kwambiri, a soprano. Anga ndi apakati, ndiye masabata awiri oyamba ndinkangokakamiza mpaka kukhosi kuwawa.

Chinandimasula ndi chimbale cha Ella Fitzgerald ndi Louis Armstrong chomwe anajambula mu 1957, zoimbira zake anakonza ndi Russell Garcia. Ella nyimboyi anaitsitsa kufika pomwe mawu ake amakhazikika bwino. Armstrong amayamba ndi lipenga, Ella n'kutenga ndime yoyamba, kenako mkuluyo n'kulowa ndi mawu ake osasa aja. Nditamva zimenezo nane ndinatsitsa, kukhosi kunapola.

Koma phunziro lenileni lagona pa nthawi yolowera. Madzulo ndimatsamiritsa foni pa kapu, n'kumagunda chala patebulo motsata kugunda kwa nyimbo. Chala chimafika, Ella amakhala asanafike. Amabwera pambuyo pang'ono ngati munthu wodziwa kuti pakhomo amudikira. Ine ndikayesa, mtima umathamanga, ndimalowa msanga. Lachitatu ndinadzijambula kasanu, ndipo ulendo wachinayi wokha ndi umene ndinaleza mtima mpaka kumapeto kwa mzere woyamba. Ndaumvetsera kambirimbiri, ndipo ukundisangalatsabe.

Billie Holiday anajambula "Summertime" mu 1936, pasanathe chaka opera itatuluka. Yake ndi yofulumirirapo, ng'oma ili pambuyo, moti mwana sangagone nayo. Kunena zoona ndimakonda ya Ella, ngakhale pa luso lochedwali Billie palibe womuposa.

Sabata yamawa ndiyamba "I Loves You, Porgy". Mu opera amaimba awiri, Bess akuchonderera Porgy kuti amuteteze kwa Crown, mwamuna wankhanza amene Bess ankakhala naye kale. Nina Simone anaiimba yekha ali pa piyano, chapansipansi, mantha onse a Bess akumveka. Mawu ake ndalemba kale m'kope, ndipo ndachonga ndi pensulo malo onse amene Nina amapumira.