Kamunthu kanga ka leprechaun: mutu ndi manja zatha, tsopano jekete

Kusema kwafika pabwino. Mutu ndamaliza, manja onse awiri ali m'malo mwake, ndipo kamunthuka kakukhala pa kachitsa kake osapendekeka. Mtengo ndi jacaranda wouma bwino, wosavuta pa tchizulo, koma pa ndevu umafuna mpeni wakuthwa kwambiri chifukwa ukangobuntha pang'ono umayamba kung'amba m'malo modula. Zatsala ndi zovala ndi zida zantchito, ndipo masiku ano nthawi yambiri ikuthera pa kuwerenga, tchizulo ili gone pa tebulo.

Kwa inu amene mwangoyamba kumene kutsatira zolemba izi, leprechaun ndi kamunthu ka m'nthano za ku Ireland. Ndi kankhalamba kakafupi, kokhala kokha, ndipo ntchito yake ndi kusoka nsapato. Munthu amakazindikira ndi kulira kwa nyundo yake kuseri kwa tchire. Kali ndi golide wobisa, ndipo ukakagwira kamayenera kukulozera pamene ali, koma ukangochotsa maso pa iko ngakhale kamphindi, basi kazimiririka.

Aliyense wakaona akufunsa kuti utoto wobiriwira ndipaka liti. Sindipaka. Jekete lake likhala lofiira. Samuel Lover, wolemba mabuku wa ku Ireland, polemba mu 1831, anati kamavala jekete lofiira lokongoletsedwa ndi ulusi wagolide, chipewa chopinda m'mbali ndi nsapato za zitsulo pamwamba. Wolemba ndakatulo W. B. Yeats naye mu 1888 anasiyanitsa magulu awiri a timizimu ta ku Ireland: toyenda pagulu timavala zobiriwira, tokhala patokha timavala zofiira, ndipo leprechaun ali m'gulu lachiwirili. Zobiriwira zinafala pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1900, pamodzi ndi makadi ndi malonda a tsiku la St Patrick, chikondwerero cha ku Ireland cha pa 17 Malichi. Sindikunyoza amene amakonda zimenezo, koma kamunthu kosekerera ka pamakadi kaja sikagwira ntchito iliyonse, kamangoima pafupi ndi mphika pansi pa utawaleza. Ine ndikufuna mmisiri, wa zala zolimba, wovala epuloni yachikopa, amene mwamudukiza ntchito ili pakati.

Nchifukwa chake ndinachedwa kwambiri pa manja. Lamanzere lagwira nsapato pa bondo, chala chachikulu chikukanikiza chidendene. Lamanja lakweza nyundo, silinamenye. Amene munakhalapo pafupi ndi wosoka nsapato pamsika mukudziwa mmene amapindira msana n'kupanikiza nsapato pakati pa mawondo, ndipo ndi kakhalidwe kameneko kamene ndatsanzira. Nsapato ndi imodzi yokha, chifukwa m'nthano kamapezeka nthawi zonse kakusoka imodzi. Ndaidula kuchokera ku chikwama chakale chachikopa, ndaisoka ndi ulusi wopaka phula, ndipo mbali imodzi ndaisiya dala yosamaliza, ulusi ukulendewera.

Koma chimene ndakondwera nacho koposa ndi maso. Sakuyang'ana nsapato, sakuyang'ananso inu. Akuyang'ana cha kumbali, kupitirira phewa lanu, ngati kumbuyo kwanu kwachitika chinachake. Ganizoli linachokera m'nthano ina ya m'buku la Thomas Crofton Croker la mu 1825, monga mmene Joseph Jacobs anailemberanso pambuyo pake. Mnyamata wina, Tom Fitzpatrick, anapeza leprechaun m'tchire tsiku lina nthawi yokolola. Kamunthuko kanamuuza kuti m'malo movutitsa anthu akaone ng'ombe zimene zalowa m'munda wa bambo ake, ndipo Tom anatsala pang'ono kucheuka, koma anadzigwira n'kukambwandira. Kanamutengera ku munda waukulu wodzaza ndi zomera za maluwa achikasu zotchedwa ragwort, n'kuloza chimodzi kuti akumbe pansi pake. Tom analibe chokumbira. Anamasula kansalu kofiira komangira sokosi, n'kumanga pa chomeracho, ndipo anakalumbiritsa kuti sikamasula. Kanalumbira. Atabwerako ndi fosholo, anapeza chomera chilichonse m'munda monsemo chili ndi kansalu kofiira kofanana ndendende ndi kake.

Nthano imeneyi imandigwira mtima chifukwa kamunthuko sikananame. Lonjezo kanasunga. Ndi kamunthu kopanda mphamvu, koti mnyamata akhoza kukanyamula ndi dzanja limodzi, ndipo chida chake ndi nzeru basi. Ndinkafuna kuti munthu akayang'ana nkhope ya chosemachi aone kuti m'mutumo muli kale njira yothawira. Ndazamitsa diso lamanzere pang'ono kuposa linzake, ndakwezanso nsidze imodzi, ndipo zatheka.

Ndikufufuza zonsezi ndinapezanso kuti makolo ake a leprechaun m'zolembedwa zakale kwambiri anali a m'madzi. M'nkhani ya Fergus mac Léti, mfumu ya ku Ulster, chigawo cha kumpoto kwa Ireland, mfumuyo inagona m'mbali mwa nyanja ndipo tianthu titatu tinayamba kuikokera m'madzi. Itadzidzimuka inatigwira, ndipo pofuna kumasulidwa tinaipatsa mphamvu yoyenda pansi pa madzi. Mulibe nsapato, mulibe golide, koma kugwira kamunthu n'kukakakamiza kukupatsa chinthu kulimo kale. Amene mumakonda kuwerenga, pa webusaiti ya dúchas.ie pali nthano zimene ana a sukulu a ku Ireland analemba pamanja kuyambira 1937 mpaka 1939, zochokera kwa makolo, agogo ndi anansi awo, ndipo za leprechaun zilimo zambiri.

Tibwerere ku jekete. Nsalu ndadula kale, yofiira modera pang'ono kuti isaoneke yatsopano, ndipo ndaiyesa pathupi ndi mapini. Vuto lili pa mabatani. Yeats, potengera zimene analemba McAnally, wolemba wina wa nthano za ku Ireland, anati jeketelo lili ndi mizere 7 ya mabatani, mzere uliwonse mabatani 7. Ndiye kuti 49, pa chifuwa chosaposa chikhatho cha mwana. Mabatani enieni sangakwane, choncho ndigwiritsa ntchito timisomali tamkuwa ta mitu yozungulira, ndikubowola kaye ndi zingano yotentha kuti mtengo usang'ambike. Ndikamaliza pamenepo ndiyamba chipewa, ndipo vanishi adikira mpaka epuloni itasokedwa.