Mmene ndinamasulira ndi kumanganso turbo ya Holset HX35 pakhomo

Lole yanga ili ndi injini ya Cummins 6BT ya malita 5.9, ndipo turbo yake, chipangizo chozunguzidwa ndi utsi wa ekizosi chomwe chimakankhira mpweya wambiri mu injini, ndi Holset HX35. Holset ndi kampani ya ku Huddersfield ku England yomwe Cummins inagula mu 1973, n'chifukwa chake mayina awiriwa amayendera limodzi. Loleyo inayamba kumwa oyilo, kutulutsa utsi wabuluu ndikamanyamuka, komanso kufooka pa zitunda ikasenza chimanga. Nditamasula payipi yochoka ku turbo kupita ku intercooler, yomwe imaziziritsa mpweya usanalowe mu injini, ndinapezamo oyilo wochita kudontha.

Musanagule chilichonse, chotsani payipi ya mpweya yochokera ku fyuluta, injini ili yozima, mugwire nati ya pakati pa wilo yamapiko yomwe ikuoneka m'kamwa mwa turbo n'kuigwedeza. Kugwedera pang'ono cham'mbali si vuto, chifukwa shafti ya HX35, yomwe imalumikiza wilo ya mpweyayi ndi wilo ya ku ekizosi, imayandama pa oyilo m'kati mwa mabearing awiri amkuwa, ndipo oyilo akakhala kulibe pamatsala kampata. Kugwedera kolowa ndi kutuluka ndiye koipa: sikuyenera kufika ngakhale 0.1 mm, moti chala chisamakumve n'komwe. Onaninso mapiko a wilo ndi khoma lowazungulira. Mapiko akakhala obenthuka kapena atapala khomalo, kiti yokonzera sikuthandizani, gulani cartridge yathunthu, lomwe ndi thupi lapakati la turbo lokhala kale ndi shafti ndi mawilo ake. Yanga inkagwedera kupyola muyeso koma mapiko anali bwinobwino, choncho ndinalemba nambala ya pa kachitsulo kokhomedwa pa turbo n'kuitanitsa kiti ku Johannesburg. Nambalayo ndi yofunika, popeza ma HX35 alipo a mitundumitundu.

Kuichotsa pa injini sikunachedwe. Ndinathira mafuta ofewetsa dzimbiri pa manati anayi a ku manifold, pamene turbo imamangidwa ku injini, madzulo, m'mawa mwake anamasuka. Kenako payipi ya oyilo yapamwamba, yapansi, ndi ya ekizosi. Bowo lililonse lotsala pa injini ndinalitseka ndi kansalu koyera.

Ndisanamasule bawuti ina iliyonse pa tebulo, ndinakanda zizindikiro zosonyeza mmene zigoba ziwiri zokuta mawilo, cha ku ekizosi ndi cha ku mpweya, zakhalira pa thupi lapakati. Zigobazi n'zooneka ngati chigoba cha nkhono ndipo zingamangidwe zitaloza kulikonse, ndiye popanda zizindikiro mudzapeza kuti mapayipi sakukumana turbo ili kale pa injini.

Chigoba cha ku ekizosi ndicho chinandivuta. N'chachitsulo cholemera, chimapsa ndi utsi wotentha kupyola madigiri 600, ndipo dzimbiri limachimata ku thupi lapakati. Nditachotsa mabawuti ndi timbale take, ndinachiwotcha pang'ono ndi moto wa gasi n'kumachigogoda ndi hamala yamkuwa, uku pang'ono, uko pang'ono, mozungulira. Mukamenya mbali imodzi chimapendekeka n'kupinda mapiko a wilo, basi ntchito yonse yathera pomwepo. Chigoba cha ku mpweya, cha aluminiyamu, chimagwidwa ndi circlip yaikulu, mkombero wachitsulo wokhala m'kangalande, yomwe imafuna pulayazi yaikulu ndithu. Valani magalasi, chifukwa ikapulumuka imauluka.

Tsopano pa nati ya wilo ya mpweya, apa ndipo pamene anthu ambiri amathyola shafti. Mazinga ake ndi akumanzere: imamasuka mukaipotolera mbali imene nati wamba amamangira. Ndinapanitsa sokete pa vayisi, n'kulowetsamo mutu wa wilo ya ku ekizosi kuti shafti isazungulire, kenako n'kumasula ndi chogwirira cha T kuti mphamvu igwere pakati, shafti isapindike. Koma natiyo ndisanaikhudze, ndinajambula mzere umodzi wodutsa pa nsonga ya shafti, pa nati ndi pa wilo. Zitsulo zimenezi zinayesedwa pa makina ku fakitale kuti kulemera kwake kufanane mbali zonse, ndipo zimazungulira kupyola maulendo 100,000 pa mphindi. Pa liwiro lotere, wilo yokhala mosiyana ndi mmene inalili imanjenjemera n'kudya mabearing atsopano posakhalitsa. Ine makina oyesera amenewo ndilibe, moti mzere uja ndiwo unali chitetezo changa. Mukasintha wilo kapena shafti, mzerewo ulibenso ntchito, pitani nazo kwa amene ali ndi makinawo.

Wilo itachoka, shafti inatulukira mbali ya ku ekizosi pamodzi ndi wilo yake, chifukwa ziwirizi n'zowotcherera limodzi. Mbali ya ku mpweya ndinachotsa circlip, mbale yotseka oyilo ndi O-ring yake, kachitsulo komwaza oyilo, thrust bearing (yomwe imaletsa shafti kulowa ndi kutuluka) ndi kolala yake, pomaliza mabearing awiri omwe amagwidwa ndi ticirclip ting'onoting'ono. Chilichonse ndinkachijambula pa foni n'kuchiika pa nsalu motsatana, nkhope yake itayang'ana kumene inayang'ana m'katimo.

Zitsulo zakalezo musafulumire kuzitaya, zimakuuzani chimene chinapha turbo. Shafti ikasanduka yabuluu pamene pamakhala mabearing, ndiye kuti oyilo sankafika mokwanira. Ikakhala ndi mizere yomwe chikhadabo chikukodwamo, oyilo anali wakuda kapena wamchenga. Mapiko a wilo ya mpweya akaoneka opalika m'mphepete, fumbi linkadutsa pa fyuluta kapena pa payipi yong'ambika, zomwe sizidabwitsa pa lole yoyenda m'misewu yafumbi mwezi wa Okutobala. Makala ouma kuseri kwa wilo ya ekizosi amabwera chifukwa chozimitsa injini ikadali yotentha, oyilo n'kupserera pa shafti. Yanga inali ndi makala ambiri, ndipo thrust bearing inali itadyeka mbali imodzi. Shafti inali yosalala, ndipo nditaiyeza ndi micrometer inali yofanana pamalo onse awiri.

Kutsuka kunanditengera nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Ndinanyika zonse m'palafini, n'kumazitsuka ndi burashi yofewa. Burashi yawaya pa wilo ya aluminiyamu ayi, imachotsa chitsulo. Kangalande ka pa shafti komwe mumakhala ring'i yotseka oyilo ndinakapala modekha ndi chidutswa cha ring'i yakale mpaka makala onse atatha, chifukwa ring'i yatsopano singakhale bwino pa makala. Timabowo todutsa oyilo m'thupi lapakati ndinatipopera mpweya mpaka titayera. Ndinakolopa pansi n'kutseka chitseko ndisanatsegule kiti, popeza kamchenga kamodzi n'kokwanira kukanda bearing.

Pomanga ndinatsata zithunzi zija chobwerera, chitsulo chilichonse ndikuchipaka oyilo woyera wa injini. Ring'i zatsopano ndinazitambasula pang'ono pokha, zimathyoka msanga. Polowetsa shafti ndinaika ring'i pakatikati n'kukankha ndikupotoza mpaka inalowa ndi kaphokoso kakuti tha. Ikakana, itulutseni muyambirenso, osaimenya. Circlip yogwira mbale ili ndi mbali yosemedwa mopendekeka, ndipo mbali imeneyo imayang'ana kunja. Kenako wilo, mizere ija n'kukumana, nati n'kuimanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa 14 Nm monga likunenera buku la Holset. Mphamvuyi ndi yochepa kwambiri, dzanja lozolowera manati a matayala lingaipyole osadziwa. Zigoba zitabwerera pa zizindikiro zake, ndinazunguza wilo ndi chala n'kumvetsera ngati ikukhudza penapake.

Turbo yokonzedwa ikabwerera pa injini yomwe inaiwononga, imafanso chimodzimodzi. Ndinasintha oyilo, fyuluta ya oyilo ndi ya mpweya, ndipo payipi yobweretsa oyilo ndinaikapo yatsopano. Payipi yapansi ndinaitsuka bwino, chifukwa oyilo amabwerera mu sampu pongotsika yekha popanda pampu. Ikatsekeka, kapena breather, potulukira mpweya wa mu sampu, ikatsekeka, oyilo amadzaza m'katimo n'kutulukira pa ring'i ngakhale turbo ili yatsopano. Intercooler ndinaichotsa, kuitsuka ndi kuiumitsa. Izi musazidumphe: injini ya dizilo imatha kuyamwa oyilo wotsalira mmenemo n'kumamuyatsa ngati mafuta, n'kuthamanga yokha osamvera kiyi mpaka kudziwononga.

Ndisanamange payipi yapamwamba ndinathira oyilo pa bowo lake ndikuzunguza wilo ndi chala. Ndinazula waya wa solenoid ya pa pampu ya dizilo kuti injini isalire, n'kuipukusa ndi sitata mpaka geji ya oyilo itakwera. Nditabwezera wayayo ndinailiza n'kuisiya pa idle kwa mphindi zingapo osaponda, ndikuyang'ana pa magasiketi ngati pakudontha. Utsi wabuluu unapitirirabe pang'ono mpaka oyilo wotsalira mu ekizosi atapsa. Ulendo woyamba ndinayenda wopanda katundu, ndipo pobwera ndinamasulanso payipi ya ku intercooler n'kupeza ili youma.