Ndime 33 ndi msewu wa ku Chipata

Sabata yonse ndakhala ndikuloweza ndime 33 ya Pangano la 1951 la anthu othawa kwawo, ija yoletsa dziko kubweza munthu kumene moyo kapena ufulu wake uli pachiswe. Ndinkangoiloweza kuti mayeso adutse. Lachitatu, tikudya chimanga chootcha pafupi ndi madamu a Goma, mnzanga wa ku Chipata anandifunsa: "Iwe, ukudziwa kuti Mayi Vera Chirwa anaphunzitsapo malamulo pano pa UNZA, Yunivesite ya Zambia?"

Usikuwo tulo sindinatione, ndinachezera kuwerenga za iwo.

Mayi Chirwa ndi mkazi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Iwo ndi amuna awo, a Orton Chirwa, anathawira ku Tanzania nduna zitasemphana ndi Kamuzu Banda mu 1964. A Orton anayambitsa chipani chotsutsa boma la Kamuzu cha MAFREMO ali kunja komweko. Pa 24 Disembala 1981 awiriwa anagwidwa chakum'mawa kwa Zambia pamodzi ndi mwana wawo Fumbani, n'kuwatengera ku Malawi, ngakhale boma la Malawi linkati linawagwirira mkati mwa dziko lake. Chimene chandiwawa kwambiri ndi mlanduwo. Maloya awiri odziwa ntchito, koma kukawazenga kukhoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu! Mu 1983 anawagamula kuti aphedwe, kenako chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. A Orton anafera kundende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mayi anatuluka mu Januwale 1993, ndipo sanakhale pansi: anayambitsa bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi CARER, n'kudzakhalanso woyendera ndende za mu Africa moimira komishoni ya ufulu wa anthu ya kontinenti yathu. Amene ankadziwa kuzizira kwa simenti ya mu selo ndiye ankafunsa akaidi mmene akugonera.

Apa m'pamene ndime yanga yandichepera. Imamanga manja a dziko lolandira alendo, inde. Nanga boma limene munthu walithawa likamutsatira kudutsa malire? Mtolankhani wa ku Malawi Mkwapatira Mhango, amenenso anathawa kwawo, anaphedwa ndi bomba la moto m'nyumba mwake muno mu Lusaka mu 1989, pamodzi ndi a pabanja pake. Palibe anamubweza kwawo. Imfa inamupeza konkuno.

Ndapempha aphunzitsi kuti nkhani yanga ya temu ino ikhale pa funso limeneli, ndipo avomera. Dzulo ndikudikira minibasi pageti, ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana mabasi akuluakulu akulowera ku Chipata pa Great East Road, ndipo kondakitala anachita kundikodola kawiri.