Tsiku limene malipiro anaonekera kwa aliyense

Kampani ina yaing'ono ya ku Ginnery Corner inandipatsa ntchito yokonza seva ya Linux, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo, kuti antchito ake azigawana mafayilo pa netiweki. Ndinaikamo Samba, pulogalamu imene imathandiza makompyuta a Windows kutsegula mafoda a pa Linux, ndipo ndinakonza mafoda awiri: ina ya aliyense, ina ya a akauntanti okha, yotsekedwa ndi mawu achinsinsi. Foda iliyonse inali ndi disiki yake, choncho mu /etc/fstab, fayilo imene imauza Linux foda imene disiki iliyonse ilowemo, ndinalemba kuti disiki yotchedwa /dev/sdb1 ikhale ya anthu onse ndipo yotchedwa /dev/sdc1 ikhale ya malipiro.

Lachinayi lina masana magetsi anazima, UPS, batire lothandiza seva magetsi akazima, inalira mpaka kutheratu mphamvu, seva nayo inagona. Pamene Linux ikudzuka, imapereka zilembo za madisiki, monga sdb ndi sdc, motsatira disiki imene yayamba kuoneka, monga mmene amagawira manambala pamzere wa kuchigayo, ndipo tsiku limenelo disiki ya malipiro ndi imene inalawirira. Inakhala sdb, n'kukalowa mu foda ya aliyense popanda kuodira.

Oyamba kundiimbira anali a akauntanti, amene anafunsa mwaulemu chifukwa chimene foda yawo yachinsinsi inadzazira nyimbo za kwaya ndi zithunzi za chinkhoswe cha mlembi. Ndikutsika minibasi yochokera ku Limbe, mtima unali m'malo, poganiza kuti vuto ndi nyimbo basi.

Mu ofesi munali zii. Anthu amene nthawi zonse amadandaula kuti kompyuta imawapweteka maso anali atayandikitsa nkhope pa sikirini, ena akuwerengera pa foni, ndipo bambo wina amene wagwira ntchito pamenepo kuyambira kalekale ankayang'anitsitsa mnyamata wolembedwa chaka chatha. Abwana anangosuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, mwatiyalutsa."

Kukonza sikunachedwe. Ndinaimitsa Samba, ndinachotsa madisiki onse awiri m'mafoda ndi lamulo la umount, ndinaona UUID, nambala yozindikiritsa disiki, ya iliyonse ndi lamulo la blkid, popeza nambala imeneyi sisintha ngakhale magetsi atazima kangati, kenako ndinailemba mu fstab m'malo mwa zilembo zija n'kuyesa ndi lamulo la mount -a, limene limalowetsa madisiki m'mafoda motsatira fstab. Koma pulinta inali itatentha kale.

Ndikutuluka, dalaivala wa kampaniyo ananditsatira mpaka pageti, n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, magetsi akadzazimanso mudzandiimbire msanga, chifukwa tsamba la abwana ndinali ndisanalifike."