Pikapu ikamanjenjemera ponyamuka

Ikamanjenjemera posiya kilachi pa giya 1 koma n'kumayenda bwino ikathamanga, matayala alibe mlandu. Yambani ndi zotchipa. Kokani handibuleki, wina asiye kilachi pang'onopang'ono, inu muyang'ane injini mutaima chapambali: ikamadumpha, mamauntingi (malabala ogwira injini) adang'ambika. Zimitsani injini, lowani pansi mugwedeze propshaft, chitsulo chachitali chochoka ku giyabokosi kupita ku matayala akumbuyo; cross (cholumikizira chake chonga mtanda) kapena centre bearing (beringi yoigwira pakati) yotha imagogoda. Ma U-bolt (mabawuti opindika ngati U) a masipuling'i nawonso amamasuka, makamaka pa galimoto zokwera phiri la Chowe ku Mangochi zitasenza matumba a usipa.

Zonsezi zikakhala bwino, tsitsani giyabokosi. Kawirikawiri oyilo wodontha pa siilo yakumbuyo kwa crankshaft (shafiti yaikulu ya injini) wanyowetsa clutch plate (mbale ya kilachi), kapena flywheel (chitsulo chozungulira chimene mbaleyo imagwirapo) yapsa mawanga abuluu chifukwa cholimbana ndi mchenga wa ku Makanjira. Sinthani siilo, clutch plate ndi pressure plate (yomwe imaipanikiza), flywheel ikapalidwe. Mukasintha clutch plate yokha, posachedwa mutsitsanso giyabokosi.