Shuga wa 7 kapena wa 126? Zimene ndatolapo pa HL7 ndi FHIR

Sabata ino phunziro linali la mmene makompyuta a zipatala amatumizirana zotsatira za ku labu. Chimene chandikhala m'mutu n'chakuti uthenga umatha kufika wathunthu, tanthauzo lake litatsala m'njira.

Tengani shuga wa m'magazi. Mu uthenga wa HL7 v2 (ndondomeko ya kalembedwe ka mauthenga a pakati pa makompyuta a zipatala), umene zipatala zambiri ku America zikuugwiritsabe ntchito, zotsatira zimakhala pa mzere wotchedwa OBX: gawo lachitatu limatchula chimene chayezedwa, lachisanu nambala yake, lachisanu ndi chimodzi muyeso wake. Labu ina imalemba mu mg/dL, ina mu mmol/L, ndipo kuchoka ku mmol/L kupita ku mg/dL timachulukitsa ndi 18. Choncho 7.0 mmol/L ndi chimodzimodzi 126 mg/dL, malire amene amasonyeza matenda a shuga munthu akayezedwa asanadye. Tsono gawo la muyeso likabwera lopanda kanthu, kompyuta yolandira n'kuiika 7 ija pansi pa mg/dL, dokotala aona ngati shuga watsikiratu, pomwe ndi wokwera.

FHIR, ndondomeko yatsopano imene inabwera pambuyo pa HL7 v2, yachepetsako vutoli koma sinalithetse. Mu Observation, gawo losunga zotsatira mu FHIR R4 (mtundu wachinayi wa FHIR), zokakamizidwa ndi ziwiri zokha, status (ngati zotsatira zatsimikizika kapena ayi) ndi code (chimene chayezedwa). Ngakhale kutchula wodwala si kokakamiza, mpaka malamulo a ku America otchedwa US Core ataonjezedwa pamwamba. Muyeso uyenera kulembedwa m'zilembo za UCUM, kalembedwe kogwirizana ka miyeso, ndipo LOINC, mndandanda wa manambala a mayeso a ku labu, imasiyanitsiratu: 2345-7 ndi shuga wa mg/dL, 14749-6 ndi wa mmol/L. Manambala awiri pa chinthu chimodzi amaoneka ngati kuchulutsa ntchito, koma chitetezo chagona pamenepo.

Nanga satifiketi yovomereza mapulogalamu a zipatala ku America? Potsatira lamulo la 21st Century Cures Act la 2016, ONC, ofesi ya boma la America yoona za makompyuta a zaumoyo, inalamula mu 2020 kuti pulogalamu yofuna satifiketi ikhale ndi API (njira imene mapulogalamu amalankhulirana) ya FHIR R4, ndipo imayesedwa ndi chida chotchedwa Inferno. Chimene chimayesedwa ndi pulogalamu ya kampani, pa odwala ongopeka amene zonse zawo zalembedwa mwaukhondo. Chipatala chikaigula, mayina ake akale a mayeso, monga GLU kapena GLUC2, munthu amawalumikiza ku LOINC pamanja, limodzi limodzi, ndipo tebulo lolumikiza mayinawa satifiketi siiliona. Labu ikasintha makina oyezera, mayina atsopano amabwera, tebulo n'kutsalira.

Ndiye polumikiza makompyuta awiri, tumizani dala zotsatira zopanda muyeso, zina za dzina losadziwika. Pulogalamu yabwino imazikana n'kuziika pambali kuti munthu aziunike. Ikazimeza mwakachetechete, musaiyatse m'wodi.