Tsiku limene AI inandiulula kwa abwana

Ntchito yathu kuno ku Mangochi ndi yopanga kapulogalamu ka pafoni ka amalonda a nsomba, koti azilembamo amene watenga usipa pangongole ndi amene wabweza. Tilipo atatu, abwana ndi achinayi. Kukangana timatha, koma kulemba zimene tagwirizana ayi. Pakatha miyezi iwiri wina akafunsa kuti, "Kodi zakutizi tinasankhiranji?" tonse timangoyang'anana ngati ana amene aswa mtsuko.

Ndiye abwana anabwera ndi mawu atsopano: ADR, chidule cha Architecture Decision Record. Njirayi anaifotokoza Michael Nygard m'chaka cha 2011. Chiganizo chilichonse chachikulu chokhudza kamangidwe ka pulogalamu chimakhala ndi kafayilo kake ka nambala yakeyake, konena mmene zinthu zinalili, chimene mwagwirizana, ngati chavomerezedwa, ndi zotsatira zake. Kafayiloko kamasungidwa pamodzi ndi code mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene tasintha m'mafayilo. Ulembi unagwera ine chifukwa tsikulo ndinafika mochedwa.

Ine ndi kulemba sitimwerana madzi. Ndinaganiza zochenjera: ndizijambula mawu pafoni, kenako AI izilemba, ine n'kumalandira ulemu.

Lachinayi lina mu Okutobala magetsi anathima, ndipo amene anakhalapo ku Mangochi mwezi umenewu akudziwa kuti ofesi yopanda fani ndi uvuni. Tinasamukira pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa Shire, poonekera mlatho wa Bakili Muluzi. Abwana anali atapita ku Monkey Bay. Ndinaika foni pabenchi n'kudina.

Zokambirana zinali zenizeni, ndisaname. Mnzanga wa database (nkhokwe yosungiramo zolemba za pulogalamu) ankafuna kuti zonse zizipita molunjika ku database ya PostgreSQL pa seva, kompyuta yaikulu imene mafoni amaifikira kudzera pa netiweki. Mchemwali wathu wa ku Namwera anamufunsa ngati anayamba waima pagombe ku Makanjira foni ili m'mwamba kusaka netiweki. Tinagwirizana kuti foni izisunga mu SQLite, ka database kokhala m'foni momwemo, izitumiza ku seva netiweki ikapezeka. Nanga mafoni awiri akasintha ngongole imodzi onse ali opanda netiweki? Apa tinatuluka thukuta, mpaka mchemwali anakumbutsa za kabuku ka ngongole ka pagolosale: sufufuta, umangowonjezera mzere pansi. Basi, tinatenga imeneyo.

Kenako panafika mayi atasenza usipa. Tinanenerera ndowa imodzi mpaka anatsitsa. Tinaitanitsa nsima ya chambo, mkangano n'kubuka wa amene adye mutu. Mimba zitakhuta, pakamwa panamasuka, ndipo ine ndi amene ndinayambitsa nkhani ya abwana. Foni ili phee pabenchi, ikumva zonse.

Madzulo ndinapereka zojambulazo kwa AI, n'kuiuza kuti, "Lemba ziganizo zonse zimene tagwirizana, usasiye kalikonse." Mawu awiri omalizawo ndimawalotabe. Inatulutsa mafayilo asanu. Ndinawerenga loyamba, la SQLite: bwino kuposa mmene tinayankhulira. Lachiwiri, la kusafufuta mizere: linatchula ngakhale kuipa kwake, kuti database izikula msanga. Ndinati ameneyu ndi mlembi weniweni. Enawo sindinatsegule. Ndinakankhira zonse mu Git, kutumiza uthenga kwa abwana, n'kupita kukaonera mpira.

Mmawa abwana anatiitana tonse, nkhope ili yosalala ngati nyanja ya m'bandakucha. Anayamika ADR 1 ndi 2. Kenako anakonza magalasi.

"ADR 3. Kagulidwe ka malo osungira zinthu. Gulu lagwirizana kugula bucket imodzi kwa wogulitsa wa m'dera lomwelino, amene watsitsa mtengo pambuyo pokambirana. Zotsatira: iyenera kuyanikidwa msanga isanawonongeke."

AI itamva ndowa inaganiza za bucket ija yosungiramo mafayilo pa intaneti. Za kuyanika inangolemba mokhulupirika, osafunsa. Mchemwali anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"ADR 4. Umwini wa mutu. Panali maganizo atatu osiyana. Mutu waperekedwa kwa woyang'anira database chifukwa ndi wamkulu m'zaka. Gulu silinakambirane za mchira."

Apa tonse tinaseka, ngakhale abwana. Ine ndinaseka kwambiri kuposa onse, mpaka ndinakumbukira kuti mafayilo anali asanu. Kuseka kunathera pakhosi.

"ADR 5," anatero abwana, pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata ya maliro. "Kayendetsedwe ka maganizo ochokera kwa mkulu wa ntchito. Mmene zinthu zilili: mkulu wa ntchito sasiyanitsa seva ndi rauta. Chiganizo: pamsonkhano gulu lizivomera kuti 'zoona bwana', kenako lizichita zimene linagwirizana kale. Zotsatira: mtendere." Anakweza maso. "Chavomerezedwa. Ndipo yalemba kuti palibe anatsutsa."

Mnzanga wa database anayamba kufufuza kanthu pansi pa tebulo. Ine ndinati, "Bwana, makinawa Chichewa sachimva bwino, makamaka chikasakanikirana ndi Chiyao."

"Zoona?"

"Zoona bwana."

Ndinazindikira chimene ndanena mawu atatuluka kale. Mchemwali anathawira panja.

Ndinapempha kuti ndifufute fayiloyo nthawi yomweyo. Abwana anapukusa mutu. "Achimwene, mlembi ndinu, koma malamulo ake simunawerenge? ADR sifufutidwa. Ikatha ntchito timangolemba kuti yalowedwa m'malo ndi ina, yakaleyo n'kukhala pomwepo kuti obwera m'mbuyo adziwe mmene tinkaganizira." Seva ndi rauta angasokoneze, koma ichi anachigwira bwino zedi. Ndipo ngakhale ndikanafufuta, Git saiwala.

Anandiuza nditsegule laputopu, ndilembe ndi zala zanga, opanda AI. ADR 6, yolowa m'malo mwa 4 ndi 5: Lachisanu lililonse mlembi aziphunzitsa mkulu wa ntchito kusiyana kwa seva ndi rauta, pa nsima ya chambo yogula mlembiyo, ndipo mutu ndi wa wophunzira.

Tili pa Lachisanu lachisanu ndi chimodzi, ndipo abwana akuti sanamvetsebe. ADR 3 yokha palibe anaikhudza. Mwezi watha tinalandira mnyamata wophunzira ntchito, anawerenga mafayilo onse mwakhama, n'kubwera pa tebulo langa kudzafunsa password ya bucket ija.